Kupita ndi galu kunyanja m'nyengo yotentha

Galu wozolowera mpanda wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre akafika ku Salima kapena ku Mangochi amakumana ndi zinthu zimene sanazionepo: kutentha kwa kuchigwa, mchenga wotentha, nkhuku ndi mbuzi zoyenda zokha. Mavuto ambiri a ulendo wotere amapewedwa musanakwere galimoto.

Yambani ndi kabuku ka katemera. Katemera wa chiwewe amabayidwa koyamba galu akakwana miyezi 3, kenako chaka ndi chaka. Ngati tsiku lobwereza layandikira, pitani naye kwa dokotala wa ziweto kudakali milungu itatu kapena inayi, chifukwa katemera sayamba kuteteza tsiku lomwelo. Ku Lilongwe kuli LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, mabungwe osamalira ziweto amene ali ndi madokotala, ndipo maofesi a zaziweto ali m'maboma. Kabukuko musakasiye kunyumba. Galu wanu akakanda mwana kumudzi, funso loyamba likhala lakuti anabayitsa kodi, ndipo mawu apakamwa okha sakhutiritsa kholo. Komweko gulani mankhwala a nkhupakupa ndi utitiri olingana ndi kulemera kwa galuyo. Dibi wa ng'ombe wosungunula mongoyerekeza wapha agalu ambiri.

Funsaninso eni malo ogona ngati amalola agalu, ndipo kumalo osungira nyama monga Liwonde ndi Majete musapite naye n'komwe.

Pa tsiku la ulendo musamudyetse kwa maola atatu kapena anayi musananyamuke, koma madzi mupatseni. Galu wokhuta amasanza, makamaka pa msewu wokhotakhota ngati wa Khwekhwerere potsika kuchokera ku Dedza kupita ku Golomoti. Akayamba kuchucha dovu n'kumanyambita milomo, dziwani kuti mseru wamugwira, imani atsike kaye. Nyamukani m'mamawa. Akhale pampando wakumbuyo womangiriridwa ndi chingwe cha pachifuwa, kapena m'bokosi lolowa mpweya. Kumbuyo kwa pikiapu n'koipa: chitsulo chimamuwotcha mapazi, ndipo galu womangidwa m'khosi ndi chingwe chachitali akadumpha amalendewera. Imani maola awiri alionse, ndipo mumangeni chingwe musanatsegule chitseko, osati mutatsegula.

Madzi: galu amamwa pafupifupi mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Wa makilogalamu 20 ndiye kuti lita imodzi ndi pang'ono, ndipo kukatentha amafuna yoposa pamenepo. Chigubu cha malita 5 ndi mbale yake zikhale pafupi, osati pansi pa katundu.

Chimene chimapha msanga ndi kutentha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Galu satuluka thukuta ngati munthu. Amadziziziritsa popuma wefuwefu lilime lili kunja. M'galimoto yoimikidwa mpweya umatentha mofulumira kwambiri moti kupumako sikumuthandiza, ngakhale mutatsitsako galasi. Musamusiyemo ngakhale mukungotsika kukagula chambo pamsewu. Zizindikiro zoopsa ndi kupuma mobanika kosalekeza, nkhama zofiira kwambiri, dovu lonanda ndi kudzandira. Mukaona zimenezi mugonekeni pamthunzi, mumuthire madzi ozizira thupi lonse, makamaka pamimba ndi m'khwapa, mumukupize, kenako thamangirani kwa dokotala. Musamufunditse chinsalu chonyowa, chimatsekera kutentha mkati. Agalu amphuno zazifupi ndi onenepa ndi amene amagwa msanga. Musanayende naye pa tara kapena pamchenga masana, ikani kuseri kwa dzanja lanu pansi kwa masekondi asanu. Mukalephera kupirira, iyenso sangapondepo.

Pagombe asambe pamene anthu akusamba. M'mabango, pamene mtsinje ukuthira m'nyanja, ndi m'mbali mwa Shire, ayi: kumeneko kuli ng'ona, ndipo galu wophiriphitha m'madzi amaiitana. Madzulo ndi m'bandakucha akhale kutali ndi madzi.

Nkhani ya anthu ndi imene eni agalu a m'tauni amaiderera. Galu wanu kwa inu ndi mwana wa pakhomo, koma kwa ana a kumudzi galu wamkulu wachilendo ndi chilombo. Akhale pa chingwe nthawi zonse. Akagwira nkhuku ya mwini kapena kugubuduza usipa woyanika pathandala, umenewo ndi mlandu, ndipo mulipira. Ku Mangochi ndi ku Salima kuli Asilamu ambiri, amene malovu a galu amawaona kuti ndi odetsa, choncho musamulole kununkhiza anthu kapena kuyandikira mzikiti. Kumene kukuvinidwa gule wamkulu, pamaliro kapena kumanda, musiyeni kumalo ogona ndi munthu womuyang'anira. Kulira kwa ng'oma ndi khamu la anthu zimamusokoneza, ndipo galu wamantha ndi amene amaluma. Zikachitika kuti waluma munthu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, mupite naye munthuyo kuchipatala tsiku lomwelo, kabuku kaja kali m'manja.

Chakudya tengani chimene anazolowera. Minga ya nsomba ndi mafupa a nkhuku ophika amabaya kukhosi ndi m'matumbo. Anyezi, chokoleti ndi mphesa ndi poizoni kwa galu, ndipo musamumwetse mankhwala a anthu monga ibuprofen kapena panado popanda dokotala.

Usiku uliwonse mupapaseni thupi lonse: m'makutu, m'khosi, pakati pa zala. Nkhupakupa igwireni patsinde penipeni pafupi ndi khungu n'kuikoka pang'onopang'ono. Asagone pamchenga wapamthunzi pamene agalu ena amakodzapo, chifukwa m'pamene ntchentche ina imaikira mazira a mphutsi. Mphutsizo zikamulowa pakhungu, patapita masiku angapo mudzaona zotupa zokhala ndi kabowo pakati. Pakani Vaseline pabowopo kuti mphutsi isowe mpweya, ikasuzumira muifinye ituluke yathunthu, kenako tsukani balalo.

Mukabwerera kunyumba muyang'anireni kwa milungu itatu. Akafooka, kukana chakudya, nkhama zikayera kapena mkodzo ukada, mwina ndi matenda a nkhupakupa, amene amatha magazi msanga. Muuzeni dokotala kumene munapita, makamaka ngati munadutsa kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota kumene kuli kashembe, ntchentche yoluma yofalitsa matenda, kuti akamayeza magazi adziwe chofufuza.