Kutumiza ana a madrasa kukaphunzira geni kwa amisiri

Ndimaphunzitsa pa madrasa ina kufupi ndi Mayani, kwa Tambala kuno ku Dedza, ndipo pofuna kuti ana athu aphunzire geni kwa amisiri, ife timachita motere.

Musavutike kulemba makalata opita ku makampani a ku Lilongwe. Ingoyang'anani mumzikiti Lachisanu. Muli telala, kalipentala, wa butchala, ndi bambo uja amapikula kachewere ku Bembeke kukagulitsa m'tauni. Ikatha swala, atengereni pambali mmodzimmodzi. Ine ndimati, "Bambo, mutithandizeko Loweruka lokha, ana awiri basi." Awiri ndithu, chifukwa makina osokera ndi amodzi.

Akavomera, lembani pangano, makolo ndi a shehe ali pomwepo. Ife poyamba tinangotumiza anyamata kwa wowotcherera zitsulo wina popanda cholemba, ndipo mwezi wonse anathera kusesa ndi kutumidwa kumsika. Tsopano timalemba zimene mwana ayenera kudziwa pofika mwezi wakutiwakuti, nthawi yoweruka kuti asaphonye swala ya madzulo ya Asr, komanso wolipira nsalu ikadulidwa molakwika. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo ntchito zoopsa sizololedwa kwa wosakwana 18. Choncho ang'onoang'ono amangopita kukaonerera.

Pamene sindinyengerera ndi pa kope. Mwana aliyense alembe ndalama yopikulira, thiransipoti, chiphaso cha msika, zowola, ndi zotsala. Mtsikana wina anabwera akumwetulira kuti mandasi atha onse pofika masana. Titawerengera mafuta ndi nkhuni, zinapezeka kuti wadya mpamba. Apa m'pamene ndimatsegula Qur'an: ndime 282 ya Surat al-Baqara imati ngongole izilembedwa, ndipo Surat al-Mutaffifin imadzudzula ochepetsa muyeso. Ana amamva msanga, poti ndowa yokhomedwa kunsi kuti ichepe amaiona okha kumsika.

Mpamba usachokere ku katapira. Timatsata mudaraba: wamalonda aika ndalama, mwana aika thukuta, phindu agawana monga anapanganirana pachiyambi. Geni ikagwa popanda chinyengo kapena kunyalanyaza, mwini ndalama ndiye waluza, mwana wangotaya thukuta lake. Amalonda ena amachita tsinya akamva zimenezi, ndiye afotokozereni ndalama isanatuluke m'thumba.

Wachinyamata amene manja ake akhwima, mufunsireni za satifiketi ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja. Koma kope lake ndimafuna kuliona Lolemba lililonse tisanayambe kuwerenga.