Kugula buku latsopano la malamulo a zamagetsi

Anzanga a zamagetsi, musanagule buku la NEC (National Electrical Code, buku la malamulo a zamagetsi la ku America) funsani kaye kuti dera lomwe mukugwirako ntchito likutsata la chaka chiti, chifukwa NFPA, bungwe lomwe limasindikiza bukuli, imatulutsa latsopano zaka 3 zilizonse, 2020, 2023 choncho, koma madera ena ku America amachedwa kulivomereza ndiye mutha kungotaya ndalama. Ngati mukufuna kungowerenga basi, tsegulani akaunti pa webusaiti ya NFPA, n'zaulere koma simungadawunilode kapena kupulinta. Ine ndimakonda la pepala, pamalo ogwirira ntchito netiweki imavuta komanso umalembamo zako ndi bolopeni. Ma PDF otchipa a pa intaneti aja chonde asiyeni, ena ndi achinyengo, ndipo tebulo la kukula kwa mawaya likalakwika nyumba ya munthu itha kupsa.