GPU ya laputopu yodula ikayamba kuvuta: kupeza chomwe chafa musanalipire wokonza

Malaputopu odula, monga amasewera, ojambulira mapulani ndi okonzera makanema, ambiri amakhala ndi zida ziwiri zopangira zithunzi. China chili mkati mwa purosesa, china ndi GPU yapadera ya NVIDIA kapena AMD. Yapaderayi ndiyo imatentha kwambiri, ndipo pa makina ambiri inawotchereredwa pa motherboard, bodi yaikulu yomwe zida zonse zimalumikizidwapo, moti simungaizule n'kuikapo ina ngati RAM. N'chifukwa chake kukonza kwake kumadula, ndipo n'chifukwa chakenso simuyenera kulipira musanatsimikize kuti yafadi ndi GPU. Mizere pa sikirini yokha si umboni wokwanira.

Makina akadali kuyaka, koperani mafayilo anu onse lero lomwe. Ngati Windows yanu ili ndi BitLocker, pulogalamu yotseka mafayilo ndi kiyi, sungani kiyi yake ya manambala 48 pamalo ena, chifukwa motherboard ikasinthidwa kompyuta idzaifuna. Pa MacBook Pro za mainchesi 15 kuyambira 2016, SSD yosungira mafayilo nayonso ndi yowotcherera, choncho bodi ikapita, mafayilo amapita nayo.

Kenako yambani kusiyanitsa. Yatsani laputopu n'kulowa mu BIOS, menyu ya makina yomwe imatsegulidwa Windows isanayambe. Ngati timizere, timabokosi tamitundumitundu kapena zilembo zosokonekera zikuoneka pomwepo Windows isanayambe, driver (pulogalamu yoyendetsa GPU) alibe mlandu, vuto lili pa zida. Lumikizani sikirini ina pa HDMI kapena USB-C. Yakunjayo ikamaonetsa bwino pamene ya laputopu ikusokonekera, kaikirani sikirini kapena chingwe chake chodutsa mu hinji. Tsegulani ndi kutseka chivundikiro pang'onopang'ono: chithunzi chikamasintha potero, chingwe ndicho chatha, ndipo chimenechi n'chotsika mtengo. Chenjezo limodzi apa: pa malaputopu ambiri amasewera, HDMI imachokera ku GPU yapadera pamene sikirini ya mkati imadutsa mu purosesa. Ndiye ngati ya mkati ili bwino koma yakunja ndiyo ikuonetsa zonyansa, chala chaloza GPU yapadera.

Mu Windows, tsegulani Device Manager. Code 43 pa GPU ikutanthauza kuti Windows yaimitsa chidacho chifukwa chanena kuti chili ndi vuto. Sikirini yabuluu yolembedwa VIDEO_TDR_FAILURE imabwera GPU ikalephera kuyankha kwa masekondi awiri ndipo Windows yalephera kuidzutsa. Zonse ziwirizi zingachokere kwa driver woipa, choncho lowani mu Safe Mode (momwe Windows imayamba ndi zofunikira zokha), chotsani driver yense ndi Display Driver Uninstaller, kenako ikani wochokera pa tsamba la kampani yomwe inapanga laputopuyo. Vuto likabwerera pa driver watsopano ndi wakale yemwe, musatayenso nthawi ndi mapulogalamu.

Onaninso kutentha ndi pulogalamu ya HWiNFO kapena GPU-Z pamene makina akugwira ntchito yolemera. Ma GPU ambiri a NVIDIA a m'malaputopu amayamba kudzichepetsera liwiro cha m'ma 87°C. Akamafika pamenepo m'mphindi zochepa fani ikulira, mwina mwachita mwayi, chifukwa fumbi ndi thermal paste (phala lothandiza kutulutsa kutentha pa GPU) youma n'zokonzeka. Mukatsegula laputopu kuti muyeretse, chotsani chingwe cha batire musanakhudze china, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire pouzira mpweya, pukutani paste yakale ndi spiriti ya isopropyl ya 90% kapena kuposa. Ma thermal pad a pa tchipisi ta memory abwezereni okhuthala chimodzimodzi ndi akale. Mukaika la 1.5 mm pomwe panali la 1 mm, heatsink (chitsulo choziziritsa) imanyamuka osakhudza GPU bwinobwino, kutentha n'kuwonjezereka. Zomangira za heatsink zimakhala ndi manambala. Mangani motsatira manambalawo. Koma ngati waranti ikadalipo, werengani kaye malamulo ake musanamasule chilichonse.

Tsono GPU imafa bwanji? Pansi pake pali timipira ta solder (chitsulo chowotcherera) mazanamazana tolumikiza ku motherboard, ndipo mkati mwake, pakati pa silikoni ndi kabodi komwe wakhalapo, muli timfundo tina tating'ono kwambiri. Makina akatentha zonsezi zimafutukuka, akazizira zimabwerera, koma chilichonse pa mlingo wake. Zikachitika kambirimbiri, timfundo timang'aluka. Izi ndi zomwe zinachitikira GeForce 8400M ndi 8600M mu 2008, pa malaputopu a Apple, Dell ndi HP, ndipo cholakwika chinali mkati mwa GPU momwemo.

Mfundo imeneyi ndi yofunika mukamamva mawu atatu omwe okonza amatchula. Reflow ndi kungotenthetsa GPU, kuyembekeza kuti solder isungunuka n'kugwirananso. Solder yopanda mtovu imasungunuka cha pa 217°C. Makina amayakadi pambuyo pake, nthawi zambiri kwa milungu kapena miyezi yochepa, chifukwa kutenthako kumangotseka mng'alu kwa kanthawi. Kuika motherboard mu uvuni wophikira ndi reflow yomweyo, yoipirapo, chifukwa mapulasitiki ndi ma capacitor amapsa nawo. Reball ndi kuchotsa GPU, kuika timipira tatsopano n'kuibwezera. Imathandiza ngati vuto lili pa timipirato, koma ngati mng'alu uli mkati mwa GPU mwalipirira ntchito yaikulu yomwe sinakhudze nthenda. Chachitatu ndi kuikapo GPU ina. Kumeneku ndiko kukonza kwenikweni, ngati yatsopanoyo ndi yatsopanodi osati yozulidwa pa bodi ina yakufa, komanso ngati wokonzayo ali ndi makina a BGA (owotcherera tchipisi tokhala ndi timipira pansi) otenthetsa pansi ndi pamwamba motsata mlingo. Ndi chouzira mpweya wotentha cha pamanja chokha, bodi imapindika.

Nthawi zambiri GPU imanamiziridwa. Katchipisi kamodzi ka memory ya zithunzi kangakhale kofa, ndipo kamasinthika pakokha. MOSFET (kachida koyatsa ndi kuzimitsa magetsi) ya pa dera lopereka magetsi ku GPU ikapsa, laputopu imakana kuyaka kapena GPU imasowa mu Device Manager. MacBook Pro za 2010 zokhala ndi GeForce GT 330M zinkazima zokha, ndipo pa zambiri cholakwa chinali capacitor imodzi yaing'ono, C9560. Wokonza wodziwa ntchito amayamba wayeza magetsi pa bodi ndi multimeter, ali ndi schematic (mapu a bodiyo) pafupi. Amene wangoona sikirini n'kunena kuti "GPU yafa" sanayezebe kanthu.

Waranti ikakhala kuti sinathe, kadandauleni isanathe, molemba, ndipo tengani nambala ya dandaulo lanu. Jambulani kanema woonetsa vutolo, chifukwa GPU yodwala imakonda kuchita bwino ikafika pa tebulo la wokonza. Jambulaninso thupi lonse la laputopu musanaipereke. Ngakhale waranti itatha, fufuzani ndi serial number ngati kampani ili ndi ndondomeko yapadera yokonzera mtundu umenewo. Mu February 2015, Apple inayamba kukonza mwaulere MacBook Pro zina zogulitsidwa pakati pa 2011 ndi 2013 zomwe zinali ndi vuto la zithunzi, ndipo omwe anali atalipira kale ankatha kupempha kuwabwezera ndalama. Apa malisiti okonzetsera ndi omwe amagwira ntchito. Dziwaninso kuti kampani kawirikawiri imasintha motherboard yonse, ndipo ngati cholakwika chinali m'kapangidwe, bodi yatsopanoyo ingadzafe imfa yomweyo.

Mukapita kwa wokonza wapadera, mufunseni chomwe wayeza, chomwe asinthe, komwe chida chatsopanocho chachokera, ndi miyezi ingati akutsimikizira ntchito yake, zonse zilembedwe. Potenga, musakhutire kuti yayaka. Iyendetseni masewera kapena pulogalamu yolemera kwa theka la ola pamaso pake, mukuonera kutentha.

Mtengo wokonzera ukayandikira wa makina ena ofanana nawo, njira yotsala ndi kuzimitsa GPU yapadera mu BIOS kapena mu Device Manager n'kumagwiritsa ntchito ya mu purosesa. Kulemba, intaneti ndi kuonera makanema zimayenda bwinobwino. Masewera olemera mwasiyana nawo, ndipo pa makina ena HDMI imasiya kugwira ntchito.