Helemeti yosamanga lamba siteteza nsagwada

Nyengo yogulitsa zokolola ino alimi ambiri akuthamanga pa njinga zamoto, matumba kumbuyo, helemeti itangotsamira pamutu, lamba ali lendelende. Ena amaivala akaona apolisi kutsogolo, akangodutsa n'kuipachika pachigongono. Kodi chimene mukuteteza ndi chigongono?

Pangozi, helemeti yosamanga imatha kuvuka munthu asanafike n'komwe pansi, ndipo chibwano chimagunda msewu chili pamtunda. Fupa la nsagwada ya m'munsi n'lopindika ngati uta. Likamenyedwa pachibwano, mphamvu yake imayenda mpaka pomwe limalumikizana ndi chigaza, pafupi ndi makutu, n'chifukwa chake kawirikawiri limathyoka malo awiri. Kuchipatala amamanga mano a m'mwamba ndi a m'munsi ndi waya kwa masabata 4 mpaka 6, kapena amachita opaleshoni n'kulumikiza fupalo ndi tizitsulo. Masabata onsewo n'kumangopopa zamadzimadzi. Munthu amaonda, khasu limamulemera.

Mlimi wina ankati lamba amamuthina pakhosi kukatentha. Galu atamudutsira kutsogolo, helemeti inagubudukira m'ngalande yokha, iye n'kutera chibwano. Mbewu zake anazigulitsa mano ali omangidwa, mtengo akulemba papepala. Ogula akatsitsa, iye ankangopukusa mutu, kukambirana kunali kosatheka.

Musamati malamulo apamsewu ndi ongovutitsa anthu. Dera la Victoria ku Australia linakakamiza kumanga lamba m'galimoto mu 1970, ndipo Britain anatero mu 1983 kwa okhala kutsogolo. M'mayiko otere, momwenso anakhwimitsa chilango cha oyendetsa ataledzera, anthu othyoka mafupa a kumaso pangozi zapamsewu anachepa, moti masiku ano m'malo ambiri ndewu, makamaka za kumowa, ndizo zimathyola nsagwada zambiri. Kumene njinga zamoto zachuluka koma lamulo la helemeti silitsatidwa, ngozi zapamsewu ndizo zikadali patsogolo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati helemeti imachepetsa chiopsezo chovulala ubongo mpaka 74 peresenti, koma limanena za yabwino, yovalidwa moyenera. Apolisi amaona chipewa pamutu basi, sabwera kudzakukokani lamba. Nanga chipewa cha omanga nyumba chija ena akukwera nacho njinga? Chimenecho n'cha njerwa zogwa kuchokera pamwamba.

Gulani helemeti yophimba nkhope yonse mpaka chibwano, chifukwa yotsegula kutsogolo imasiya nsagwada pambalambanda. Kokani lamba mpaka pazingolowa zala ziwiri. Wokwera kumbuyo avalenso. Munthu akagwa n'kumamva kuti mano sakukumana ngati kale, mlomo wa m'munsi wachita dzanzi kapena kukamwa sikukutseguka, musayese kuwongola nsagwadayo ndi manja, musamupatse chakudya. Magazi azitulukira kunja, asamutsamwitse, khosi musaligwedeze, n'kuthamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo.