Momwe Mungayesere Liwiro la Galimoto Yanu Yosinthidwa pa Bwalo la Drag Racing

Anthu ambiri amene amasintha galimoto zawo, poikamo turbo yaikulu (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini), kusintha paipi ya utsi kapena kukonza kompyuta ya injini, amangokhulupirira kuti liwiro lawonjezeka chifukwa phokoso lakula. Malo amene angakuuzeni zoona popanda kuika moyo wa munthu pachiswe ndi bwalo la drag racing, pomwe galimoto ziwiri zimanyamuka zitaima n'kuthamanga msewu wowongoka wa mamita 402, womwe ndi kota ya mailosi. Kwa amene ali ku Britain, bwalo lodziwika ndi Santa Pod Raceway ku Podington, m'chigawo cha Bedfordshire, lomwe linatsegulidwa mu 1966 pamalo omwe kale panali bwalo la ndege zankhondo, ndipo pa masiku otchedwa Run What Ya Brung aliyense wokhala ndi laisensi amaloledwa kuthamangitsa galimoto yake yomwe. Ku South Africa kuli Killarney ku Cape Town ndi Tarlton pafupi ndi Krugersdorp. Ndondomeko zake sizisiyana kwenikweni, chifukwa mabwalo ambiri amatengera za NHRA, bungwe loyang'anira mipikisano yotereyi, lomwe Wally Parks anayambitsa ku America mu 1951 pofuna kuchotsa mipikisano m'misewu yoyendamo anthu onse.

Musananyamuke pakhomo

Yambani ndi kuona pansi pa galimoto. Ngati ikudontha oyilo, madzi a m'radiyeta kapena mafuta, musapite nayo, chifukwa oyang'anira bwalo adzakubwezani, ndipo dontho lomwe simukuliwerengera lingathe kutereretsa galimoto ya mnzanu wobwera pambuyo. Onetsetsani kuti batire yamangidwa zolimba, manati onse a mateyala alipo, mabuleki akugwira bwino ndipo lamba akutsekeka. Chotsani katundu aliyense amene angagubuduzike m'kati, kuphatikizapo jeke ndi zipangizo za m'buti. Thanki isadzaze, pakuti mafuta nawonso ndi katundu wolemera.

Werenganinso malamulo a bwalo lanu pa nkhani ya chisoti cholimba choteteza mutu. M'malamulo a NHRA galimoto yomaliza m'masekondi 13.99 kapena kuchepera pamenepo imafuna chisoti, ndipo liwiro likamakula pamafunikanso zitsulo zoteteza woyendetsa galimoto ikagubuduka. Dziwaninso kuti inshuwalansi wamba ya pamsewu kawirikawiri silipira ngozi ya pa mpikisano, choncho chowonongeka chilichonse chidzatuluka m'thumba mwanu.

Mukafika pabwalo

Lembetsani, onetsani laisensi, lipirani, ndipo alembe nambala yanu pagalasi. Kenako musathamangire pamzere. Imani kaye pafupi ndi poyambira kwa mphindi zingapo n'kumaonerera mmene anzanu akulowera ndi mmene woyambitsa mpikisano akuperekera zizindikiro ndi manja, chifukwa pamenepo mudzaphunzira zambiri kuposa zimene munthu angakufotokozereni pakamwa. Phwetsani pang'ono mateyala amene amakoka galimoto kuti agwire pansi ndi malo aakulu, koma mutenge pampu yodzawapopera pobwerera kunyumba. Zimitsani makina oziziritsira m'kati, poti amadontheza madzi pamsewu ndiponso amadya mphamvu ya injini, ndipo mutseke mawindo.

Musanafike poyambira pali malo othiridwa madzi, pomwe a mateyala a mpikisano amazunguza magudumu mpaka kufuka utsi kuti labala itenthe. Ngati muli ndi mateyala wamba a mizera, lambalalani madziwo. Mizerayo imasunga madzi n'kukawataya pamalo onyamukira, ndipo inu nomwe ndinu oyamba kuterereka. Kuzunguza kamodzi kwakanthawi kochepa, kongochotsa timiyala, n'kokwanira. Utsi wambiri umasangalatsa oonerera koma umangomaliza mateyala anu.

Kuima pamzere ndi kunyamuka

Apa ndi pamene pali nkhani yonse. Pakati pa njira ziwiri zothamangamo galimoto pamaima mlongoti wa nyali wotchedwa Christmas tree, ndipo pansi, modutsa njira yanu, pali timizere tiwiri ta kuwala totalikirana pafupifupi masentimita 18. Yendetsani pang'onopang'ono kwambiri. Teyala lakutsogolo likadula kamzere koyamba, nyali yapamwamba imayaka. Mukasuntha pang'ono n'kudula kachiwiri, nyali yotsatira imayaka, ndipo pamenepo imani. Oyamba kumene ambiri amapitirira mpaka kuimika mateyala akumbuyo pamzere, ndiye woyambitsa amawabweza. Ndi ulemu pabwalo kudikira kuti mnzanu ayatse nyali yake yoyamba musanayatse yanu yachiwiri.

Nonse mukaima, nyali zitatu zachikasu zimayaka motsatizana, iliyonse patatha theka la sekondi, kenako yobiriwira. Musadikire yobiriwirayo. Nyamukani yachikasu yachitatu ikangoyaka, chifukwa nthawi imene phazi lanu ndi galimoto zimatenga kuti ziyambe kuyenda imadya theka la sekondi lotsalalo. Mukafulumira mopitirira, nyali yofiira imayaka ndipo pa mpikisano weniweni mwagonja. Komabe pa ulendo woyamba musade nkhawa ndi zimenezi, pakuti wotchi yoyeza nthawi yanu imayamba kuwerenga pokhapokha teyala likachoka pa kamzere kachiwiri, osati nyali ikayaka.

Kwa galimoto ya otomatiki, pondani buleki ndi phazi lamanzere, kwezani injini pang'ono ndi lamanja, ndiye musiye buleki. Kwa ya magiya apamanja, kwezani injini mwapakatikati n'kusiya kalachi msanga koma mosaitaya mwadzidzidzi. Galimoto zokoka ndi magudumu akutsogolo, monga Golf GTI ndi Honda Civic, zimavuta kwambiri, chifukwa ponyamuka kulemera kumathawira kumbuyo, kutsogolo n'kupepuka, mateyala n'kumangozungulira pamalo amodzi. Ndi chifukwa chake galimoto ya mphamvu zochepa yonyamuka mwadongosolo imatha kusiya ya turbo yodula. Mukamva magudumu akudumphadumpha ndipo galimoto ikunjenjemera, chepetsani moto nthawi yomweyo, poti kudumphako ndi kumene kumathyola zitsulo zozunguza magudumu.

Mukagwira msewu, pondani moto mpaka pansi, yang'anani kutsogolo kwa njira yanu, ndipo musadutse mzere wapakati. Galimoto ikayamba kuyenda chammbali, siyani moto. Ikawonongeka, ipatutsireni m'mphepete n'kuima, musakokere oyilo msewu wonse. Mukadutsa pomalizira chepetsani liwiro mwapang'onopang'ono, ndipo musakhote kutsogolo kwa mnzanu: amene ali kumbali yotulukira ndiye amayamba kutuluka.

Kuwerenga kapepala ka nthawi

Pobwerera mudzalandira kapepala kosonyeza nthawi imene munatenga kuti munyamuke, nthawi ya pa mafiti 60, pa mafiti 330, pa theka la mtunda, pa mafiti 1,000 ndi pomalizira, komanso liwiro loyezedwa m'mafiti 66 omaliza. Maso a ambiri amathamangira nambala yomaliza, koma yofunika kwa inu ndi ya mafiti 60, omwe ndi mamita 18 oyambirira. Pa mateyala wamba, kufika pamenepo m'masekondi awiri kapena kupitirira pang'ono ndi bwino, ndipo chilichonse chimene mwapulumutsa pa gawo limeneli chimaonekera mokulirapo pomalizira. Liwiro lomaliza limasonyeza mphamvu ya injini, pamene nthawi imasonyeza mmene mwaigwiritsira ntchito. Choncho liwiro likakhala lalikulu koma nthawi ili yoipa, vuto silili mu injini, ndipo kugula chitsulo china sikungathandize.

Pakati pa maulendo tsegulani boneti kuti injini izizire, makamaka ya turbo, chifukwa mpweya wotentha umachepetsa mphamvu. Sinthani chinthu chimodzi chokha pa ulendo uliwonse, kaya mpweya wa m'mateyala kapena kakwezedwe ka injini ponyamuka, n'kulemba kuseri kwa kapepalako zimene mwasintha. Nthawi zanu zikayamba kufanana, mukhoza kulowa mpikisano wa bracket, momwe mumaneneratu nthawi imene mumalizire, galimoto yochedwa imapatsidwa mwayi wonyamuka poyamba, ndipo wothamanga mofulumira kuposa nthawi imene ananena amagonja.