Pulojekiti iliyonse ikhale ndi venv yake

Anzanga olemba Python, ngati laibulale ina ikufuna NumPy (laibulale ya masamu) 1.26 pomwe ina ikukakamira 2.0, musamangofufuta ndi kuikanso. Mutaya tsiku lonse.

Mufoda ya pulojekitiyo lembani python -m venv .venv kuti mupange venv, malo apadera osungira malaibulale a pulojekitiyo yokha, muyatse venv-yo, kenaka muike malaibulale onse ndi pip install imodzi (pip ndi pulogalamu yoikira malaibulale a Python). Apa m'pamene pagona nkhani: mukawaika pamodzi, pip imaona zofuna za onse n'kusankha ma version ogwirizana, koma mukamaika imodziimodzi, yomaliza imatha kusokoneza zinzake. Ine NumPy 2.0 itatuluka mu 2024 pulogalamu yanga inangoima, mpaka ndinalemba numpy<2 mu requirements.txt, fayilo ya mndandanda wa malaibulale a pulojekiti, kuti pip iike version yosafika 2.0.

Zikayenda, pip check ikuuzani ngati mkangano watsala. Ma version ogwirizanawo asungeni ndi pip freeze.