Kudzutsa makina akale a masewera a arcade: magetsi kaye, penti pambuyo

Makina a arcade ndi mabokosi aja a masewera a pa sikirini oponyamo ndalama. Makina amene akhala zaka zambiri m'galaja musawalumikize ku magetsi tsiku lomwe mwawagula. Tsegulani chitseko chakumbuyo muunike ndi tochi. Mukusaka mawaya odyedwa ndi makoswe, dzimbiri, fyuzi yomwe wina anaimanga ndi waya, ndi matabwa apansi. Mabokosi ambiri anapangidwa ndi matabwa a utuchi wopanikiza, ndipo akamwa madzi amafufuma osabwereranso. Mbali yotupayo iduleni, muikepo pulayiwudi. Ngati chiswe chalowa mpaka m'mbali, mtengo wogulira makinawo utsike kwambiri.

Kenako werengani chikwangwani cha magetsi. Makina ochokera ku America amafuna mavoti 120, a ku Japan 100, pomwe kuno kwathu ndi 230. Ena ali ndi thiransifoma yoti mungosuntha waya, ena amafuna yotsitsa mphamvu yapadera. Kungosintha pulagi ndiye kuwotcha zonse.

Sikirini ndiye pamene pali ngozi. Chubu chake, chigalasi chachikulu choonetsa chithunzi, chimagwira ntchito ndi mavoti opitirira 20,000, ndipo chimasunga mphamvu ngakhale makina atazimitsidwa kalekale. Musanakhudze kanthu, zulani pulagi, mangani waya ku sikuludiraiva yaphwatalala ya chogwirira cha pulasitiki, mbali ina ya wayayo muimange pa chitsulo cha felemu ya sikirini. Dzanja limodzi likhale m'thumba. Lowetsani nsonga pansi pa kalabala kozungulira komwe kamamatira pa chubu mpaka ikhudze kachitsulo ka mkati. Nthawi zina mumva kuti thwa, nthawi zina zii. Dikirani mphindi zingapo mubwerezenso, chifukwa mphamvu imadzikundikiranso pang'ono. Samalani khosi la chubu: ndi galasi lopyapyala, likathyoka chubu chatha.

Masikirini ofala monga Electrohome G07 ndi Wells-Gardner K7000 salumikizidwa molunjika ku magetsi a pakhoma. Amadutsira pa thiransifoma yolekanitsa yomwe imakhala pansi m'bokosimo. Amene amaichotsa poganiza kuti ndi katundu wongolemera amaika moto pa zitsulo za makina onse.

Chithunzi chopindika kumwamba, chogwedezeka kapena chofooka kawirikawiri chimachokera ku ma capacitor ouma, tizipangizo tosunga mphamvu ta pa bolodi ya sikirini. Sinthani onse nthawi imodzi, osati lomwe latupa lokha. Nambala ya µF, yosonyeza mphamvu yomwe capacitor limasunga, ikhale yomweyo, mavoti akhale ofanana kapena okwererapo, ndipo onetsetsani mwendo wa + ndi wa −, chifukwa lotembenuzidwa limaphulika. Powotcherera, pitaninso pa miyendo ya zolumikizira ndi ya flyback (thiransifoma yopanga mavoti okwera a chubu), pomwe mtovu wakale umang'ambika mozungulira ngati kamphete kosaoneka bwino ndi maso. Fyuzi ikamapsa nthawi yomweyo mukayatsa, yezani horizontal output transistor, thiranzisita yaikulu yoyendetsa flyback. Ikapezeka yafa, kayikirani flyback, apo ayi yatsopanoyo ifanso. Koma mthunzi wa masewera womwe unapsera pa galasi, monga misewu ya Pac-Man, ulibe mankhwala. Otolera makina akale ambiri amangousiya, ndipo sakulakwa.

Tsopano bolodi ya masewera. Kuyambira cha m'ma 1985 mabolodi ambiri amatsata JAMMA, cholumikizira cha mano 56 chonyamula mavoti +5, +12 ndi −5. Yezani mavoti 5 pa bolodi penipeni makina akuyaka, osati potulukira pa bokosi la mphamvu, chifukwa mawaya akale amadya gawo lina m'njira. Ikani pakati pa 5.0 ndi 5.1. Akatsika masewera amangoyambiranso okha kapena kuonetsa zinyalala. Mukakweza mosayeza mupha ma chip. Mano akuda apukuteni ndi chofufutira pensulo kenako sipiriti yotsukira ya isopropyl. Pac-Man wa 1980 ndi Galaga wa 1981 ndi akale kuposa JAMMA, choncho aliyense ali ndi mawaya akeake, musawasomeke mongoyesa. Pa Pac-Man yang'anani mano onyamula mphamvu, amakonda kupsa n'kuda.

Mabatire apatseni maso. La pa mabolodi a Neo Geo MVS limatayikira n'kudya timisewu ta kopa, ndiye lichotseni lisanayambe, ndipo ngati layamba kale tsukani ndi viniga pang'ono, mutsirize ndi isopropyl. La pa mabolodi a Capcom CPS-2, la mavoti 3.6, ndi lina: limasunga kiyi yomwe masewerawo amatsegukira, likafa bolodi siyaka bwino mpaka kiyiyo italembedwanso.

Mabatani ndi ndodo yoseweretsa n'zosavuta. Timaswichi totopa sinthani, takale ta malata awiri mungopukuta ndi kapepala kolimba, osati sandipepa. Zojambula za m'mbali zoyambirira, ngakhale zitakalika, zimakweza mtengo wa makina kuposa zosindikiza zatsopano, choncho tsukani ndi nsalu yonyowa pang'ono ndi sopo wochepa, muyambe mwayesa pakona yobisika.